Fizi yanga inali m'khola la nkhosa

Chaka changa choyamba ku yunivesite, fizi ya semesita yachiwiri inkayenera kuchokera m'khola kwathu ku Ntcheu. Amayi anali ndi nkhosa zazikazi zisanu, ziwiri mwa izo zili ndi bere. Pulani inali yoti zikaswa tigulitse zazikulu ziwiri, ana aja alowe m'malo. Mu Febuluwale mng'ono wanga anandiimbira foni kuti imodzi yasiya kudya, ikungoima payokha ngati yosaona. Patatha masiku anayi inafa, m'mimba muli ana awiri. Amayi anaopa kugulitsa zotsalazo poti khola likanatha, ndipo anakakongola ndalama ku banki m'khonde. Ngongoleyo anaibweza chaka chonse.

Mlangizi wa ziweto atamva nkhaniyi ananena kuti nkhosayo inafa ndi njala ngakhale inkadya tsiku lililonse. Poyamba sindinamvetse. Bere la nkhosa limatenga masiku pafupifupi 147, ndiye kuti miyezi isanu, ndipo mwana amakula kwambiri m'masabata asanu ndi limodzi omaliza. Nthawi imeneyo thupi la make limafuna chakudya champhamvu chochuluka, koma ana aja amakhala atapanikiza chifu, moti nkhosa siingadye msipu wambiri. Ikakhala ndi mapasa vutoli limakula. Thupi limayamba kusungunula mafuta ake mofulumira, ndipo zotsalira zake zimasanduka poizoni m'magazi. Yathuyo inali yomangirira pachingwe, monga timachitira nthawi ya dzinja kuti ziweto zisadye chimanga cha eni, ndipo inkangodya udzu wa pamalo amodzi.

Maganizo anga ndi akuti imfa ngati imeneyi tisamaitche tsoka, ndiponso ife amene timaphunzira ndi ndalama za m'khola tili ndi gawo poiletsa. Ambirife tikafika pa kampasi timaiwala kumene fizi imachokera. Timadziwa tsiku limene loni ituluke, koma tsiku limene nkhosa ya kwathu inakweredwa sitilidziwa. Chonsecho tsikulo ndi limene limanena zonse. Ukalilemba m'foni n'kuwerenga miyezi isanu, umadziwa nthawi yoyamba kuwonjezera chakudya ndi sabata yoti munthu azigona khutu lili kukhola.

Wina anena kuti ndikuyankhula ngati mwana wa m'tauni, ndipo ali ndi mfundo. Mu Januwale ndi Febuluwale m'mabanja ambiri gaga amadya anthu, ndiye kuuza amayi kuti apatse nkhosa madeya pamene ana agona ndi njala ndi chipongwe. Ndikuvomereza. Koma vutoli linayamba kale, mu Seputembala kapena Okutobala, pamene yamphongo inkayenda momasuka ndi zazikazi. Bere lotengedwa nthawi imeneyo limakhwima m'kati mwa miyezi ya njala. Mukaipatula yamphongo n'kudzaiphatikiza mu Disembala, ana amabadwa cha mu Meyi, chimanga chili m'nkhokwe, madeya atatsika mtengo, masangwi a mtedza ali mbwee m'minda. Kupatula yamphongo kumafuna chingwe kapena kakhola kena ndi kugwirizana ndi anansi amene ali ndi nkhosa, basi.

Zina zofunika sizilira ndalama zambiri. Masangwi a mtedza amene timawasiya kumunda kapena kuwatentha, akaumitsidwa pamthunzi n'kusungidwa pa sanja, ndi chakudya chabwino kwambiri. Chimodzimodzi masamba a lukina ndi zipatso za mtengo wa nsangu zimene zimagwa m'chilimwe. Madeya aziyamba pang'onopang'ono, kachibakuwa kamodzi patsiku kenako n'kumawonjezera, chifukwa kuipatsa ambiri mwadzidzidzi kumaitupitsa mimba. Madzi asamasowe. Nthawi ya mvula njoka za m'mimba zimachuluka ndipo zimayamwa magazi, choncho muzitsegula chikope cha m'munsi n'kuona mtundu wake. Chikakhala chotuwa m'malo mofiira, itanani mlangizi, ndipo mumuuze kuti nkhosayo ili ndi bere, poti mankhwala ena a njoka amavulaza mwana ali m'mimba. Agalu ndi ana asamaithamangitse.

Tsiku loswa likafika, pakhale pouma ndi paukhondo. Mwana ayamwe mkaka woyamba wachikasu uja m'maola oyambirira, chifukwa ndi umene umamupatsa chitetezo ku matenda, ndipo pamchombo pake papakidwe ayodini. Ngati nkhosa yakankha kwa nthawi yoposa ola popanda chotuluka, pamafunika munthu wodziwa. Chinthu china chimene sindinamvepo kumudzi ndi chakuti mayi woyembekezera sayenera kugwira nkhosa yoswa kapena zotuluka zake, poti pali matenda ena a nkhosa amene angapititse padera mimba ya munthu. Kwathu ntchito ya kukhola imagwera amayi ndi ana, ndiye uthenga umenewu ndi wofunika kuufikitsa.

Ine sindiphunzira zaulimi. Masiku anga amathera pa mabuku a mbiri yakale ndi zilankhulo, ndipo amayi amadziwa nkhosa zawo kuposa mmene ine ndingazidziwire. Sindipita kwawo kukawaphunzitsa kuweta. Changa ndi kusunga masiku m'foni, kukhala ndi nambala ya mlangizi, ndi kupatulako kandalama ka bandulo kuti ndiwatumizire ka madeya nthawi yake ikakwana. Pa holide yapitayi ndinathandiza kumanga sanja ya masangwi, ndipo yamphongo tinaipatula mpaka Disembala.

Anzanga amene fizi yanu imachokera ku mbuzi, nkhosa kapena nkhumba, mukaimba foni kumudzi sabata ino musangofunsa ngati ndalama atumiza. Funsaninso kuti ndi iti ili ndi bere, inakweredwa liti, ndipo ikudya chiyani.