Tisanagulitse ng'ombe, tiyambe tafunsa

Caka ndi caka zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka, makolo ambiri m'maparishi athu amasowa tulo. Mwana wakhoza bwino ndipo akufuna kuphunzira za malamulo, koma malo ku yunivesite ndi ocepa, ndalama nazo palibe. Makolo ena amataya mtima n'kumuuza mwanayo kuti angogwira khasu. Ena amagulitsa ng'ombe ndi matumba a cimanga n'kukalipira ku sukulu iliyonse imene aimva pa wailesi. Ife tikuona kuti onsewa akulakwitsa.

Mwana angathe kuyambira ku koleji, n'kudzalowa yunivesite pambuyo pake, ndipo palibe camanyazi pamenepo. Ngakhale ku America, dziko lolemera, ana ambiri a anthu osauka amatero. Amayamba ndi zaka ziwiri pa koleji ya kwawo komweko, kumene malipiro ndi otsika ndipo amagona kunyumba kwa makolo. Akatero amapita ku yunivesite kukamaliza zaka ziwiri zotsala za digiri, kenako wofuna uloya amawonjezera zaka zitatu. M'cigawo ca California anacita kukhazikitsa lamulo mu 2010 lakuti amene wamaliza maphunziro ovomerezeka a zaka ziwiri aja apatsidwe malo m'mayunivesite a California State. Cotero kholo limadziwiratu kumene ndalama zake zikupita.

Kuno kwathu makwerero otere alipo, ngakhale sanafanane ndi a kumeneko. Ku NIPA mu Lusaka kuli dipuloma ya za malamulo ndiponso maphunziro a kayendetsedwe ka nchito za boma. Koma makolo amvetse bwino kuti dipuloma siisandutsa munthu kukhala loya. Wofuna kuimira anthu m'khoti ayenera kukhala ndi digiri ya za malamulo, kenako akaphunzire ndi kukhoza mayeso ku ZIALE, mayeso amene agwetsa ambiri. Ulendowu ndi wautali, ndipo banja liyenera kuwerengera mtengo wake wonse lisanauyambe.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tisanapereke ngwee ngakhale imodzi, tifunse zinthu zitatu. Coyamba, kodi sukuluyo ndi yolembetsedwa? Bungwe la Higher Education Authority, limene linabwera ndi lamulo la mu 2013, limasunga maina a masukulu apamwamba ovomerezeka, ndipo TEVETA imasunga a makoleji a nchito zamanja ndi zamaluso. Caciwiri, kodi pepala limene mwana adzalandira ndi lodziwika ku bungwe la ZAQA? Cacitatu, ndipo ici ndico cimene ambiri amaiwala, kodi yunivesite imene mwana akufuna kudzalowa idzawerengera zaka za ku koleji, kapena adzayambanso caka coyamba? Funso limeneli tikafunse ku yunivesiteyo osati ku koleji imene ikufuna ndalama zathu, ndipo yankho lake litiperekedwe pa kalata. Mawu a pakamwa amauluka.

Tikulimbikira nkhaniyi cifukwa midzi yathu ikusowa anthu odziwa malamulo. Lamulo la cuma ca masiye la mu 1989 limati munthu akamwalira osasiya wilo, magawo 50 pa 100 alionse apite kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndipo 10 kwa ena amene womwalirayo ankawasunga. Papita zaka zoposa 30, koma pamaliro timaonabe amasiye akulandidwa ndi mapoto omwe. Lamulo la malo la mu 1995 limalola kuti malo a mafumu asandutsidwe a taitolo ya zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikavomereza. Mlimi amene sadziwa zimenezi amangodzidzimuka waya wa minga wadutsa m'munda wa agogo ake. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwense iliyonse. Nanga m'makomiti a m'mawadi muli angati amene angawerenge mapepala a ndalamazi n'kufunsa kumene zapita?

Nchito zimenezi sizidikira digiri. Lamulo la Legal Aid la mu 2021 linazindikira anthu othandiza pa za malamulo amene si maloya, aja ochedwa maparaligo. Mnyamata kapena mtsikana wa dipuloma angathe kulangiza wamasiye, kulembera mlimi kalata yodandaula, ndi kuthandiza gulu la Cilungamo ndi Mtendere pa parishi, uku akusunga ndalama zopitirizira maphunziro. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ku boma ndi ku mayunivesite tikupempha cinthu cimodzi. Yunivesite iliyonse yophunzitsa malamulo ilembe poyera madipuloma amene imawalandira ndi caka cimene mwini dipulomayo adzayambira. Mndandandawo ufike ku masukulu a sekondale a ku Chadiza, Lundazi, Katete ndi Petauke, usathere mu Lusaka mokha. Si cilungamo kuti mwana wa mlimi alipire kawiri phunziro limodzi cabe cifukwa palibe anamuuza.

Kwa inu akhristu anzathu, amene muli ndi aphunzitsi ndi anchito a boma opuma m'mipingo yanu, apempheni akhale pansi ndi makolo Lamulungu mapemphero akatha, awathandize kuwerenga mapepala a masukuluwa. Ndipo kwa ana amene adzakwera makwererowa mpaka pamwamba, tikuti kumbukirani kuti ng'ombe imene inakulipirirani sukulu inali yolimira. Mukadzavala mkanjo wakuda, wamasiye wa kumudzi kwanu asadzabwezedwe pa khomo la ofesi yanu.