Mpando wa pakhonde sitiufuna

Mu Okutobala 2015, ophunzira a pa Wits, muno mu Joni, adayambitsa zionetsero za Fees Must Fall. Ankalira ndi fizi, koma ankafunsanso chifukwa chimene mayunivesite a mu Africa amatamandira nzeru za ku Ulaya zokha. Aphunzitsi ena a filosofi amayankha funsoli powonjezera sabata imodzi ya "ubuntu" kumapeto kwa chaka, Plato, Descartes ndi Kant atakhuta kale. Ine ndikuti kumeneko si kulowetsa munthu m'nyumba. N'kumuikira mpando pakhonde, n'kumupatsa makombo.

Sindikuti tiotche mabuku a azungu ayi. Ndikuti wophunzira aloledwe kuwayesa ndi chilankhulo chake. Descartes adaphunzitsa kuti kuganiza ndi umboni wakuti iwe ulipo, ngakhale utakayika ngati uli ndi thupi. Tamverani mawuwo m'Chichewa: "ndilipo". Ka "-po" kameneka kakufunsa kale kuti, pati? Kwathu chinthu chimakhalapo, chimakhalako kapena chimakhalamo. Nanga maganizo opanda malo akhala bwanji? Kwasi Wiredu wa ku Ghana adaona zomwezi m'chilankhulo cha Akan, n'kutsutsa nazo Descartes. Didier Kaphagawani wa ku Chancellor College adalemba za mmene Achewa amamvera tanthauzo la kudziwa ndi la munthu. Zimenezi si nthano zapamoto. Ndi mfundo zoyenera kutsutsidwa ndi kutetezedwa m'kalasi, ngati za wina aliyense.

Ena amati filosofi ilibe mtundu. Chabwino. Nanga bwanji Anton Wilhelm Amo, wobadwira m'dera la Ghana, amene ankaphunzitsa filosofi ku Halle ndi ku Jena m'zaka za m'ma 1730, satchulidwa kawirikawiri? Alipo amene amasankha mayina olowa m'silabasi, ndipo wosankhayo ayankhe.

Nkhaniyi si yamasewera mumzinda uno. Ziwawa zothamangitsa obwera zimene zidayambira ku Alexandra mu Meyi 2008 zidapha anthu 62, Amalawi ambiri n'kuthawira kwawo. Funso lakuti munthu mnzathu ndani lidayankhidwa ndi zikwanje. Funso lotere lingapatsidwe sabata imodzi?

Aphunzitsi, lolani Chizulu, Chisutu, Chitsonga ndi Chichewa zilowe m'mikangano ya m'kalasi. Ikani Wiredu patebulo limodzi ndi Descartes kuyambira sabata yoyamba, ndipo afunsidwe pa mayeso. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mukamusiya pakhonde, ometedwa ndi lumo lobuntha ndinu nomwe.