DJ wamkazi akakhala mu kalabu, ali kuntchito

Asisi, tikambirane za DJ Zinhle pang'ono.

Dzina lake lenileni ndi Ntombezinhle Jiyane, kwawo ndi ku Dannhauser, ku KwaZulu-Natal, m'dziko la South Africa. Anayamba u-DJ mu 2004, nthawi imene kuona mkazi akuseweretsa nyimbo mu kalabu zinali zosowa. Ambiri anamudziwira pa pulogalamu ya magule ya Jika Majika pa SABC1. Kenako kunabwera "My Name Is" yomwe anaimba ndi Busiswa, ndi "Umlilo" ya mu 2019 ija tonse tinavina. Zaka zoposa 20 ali pa ntchito imodzimodziyi.

Koma dzina lake likangotchulidwa, anthu amathamangira nkhani ya amuna amene anakhala nawo pachibwenzi. Za luso lake, zii.

Ine ndikuti u-DJ ndi ntchito ya manja ndi mutu, ngati utelala kapena unamwino. DJ samangodina batani ayi. Khutu limodzi limamvera nyimbo imene anthu akuvina, linalo lili m'mahedifoni kukonza yotsatira. Liwiro la ziwirizi liyenera kufanana ndendende, apo ayi ovina amasokonekera n'kukakhala pansi. House imathamanga kuposa amapiano, ndiye kuchoka pa ina kupita pa inzake pamafunika nzeru. Uku maso ali pa anthu: atopa? Akufuna moto? Zonsezi ataimirira maola, usiku, pakati pa anthu oledzera.

Mwamuna akamachita zimenezi timati ndi katswiri. Mkazi akachita, ku Lilongwe kapena ku Blantyre kuno, funso loyamba limakhala loti "makolo ake ali kuti?" Ena amafika pomutchula dzina lija mukulidziwali. Namwino wa naiti sitimufunsa zimenezo, eti?

Zoona, usiku uli ndi zoopsa zake. Kuli amuna ogwiragwira, kuli eni malo ofuna kukulipira ndi mowa, kuli ulendo wobwerera kunyumba m'bandakucha. Koma mankhwala ake si kutsekera atsikana m'nyumba. Zinhle anaona mavuto omwewa, ndipo iye ndi Nomndeni Mdakhi anatsegula Fuse Academy, sukulu yophunzitsa atsikana u-DJ. Anayambitsanso bizinesi yake ya mawotchi ndi zodzikongoletsera, Era by DJ Zinhle, kuti ndalama zake zisamadalire mwini kalabu yekha.

Ndiye iwe amene mtima uli pa nyimbo: phunzira lusolo mpaka ulidziwe bwinobwino. Mtengo mugwirizane musanayambe, ndipo zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pomwe. Landira theka la ndalama usanafike pamalopo. Galimoto yokubweza ikhale mbali ya mgwirizano, ndipo pakhale munthu wodziwa kumene uli.

Enafe, tikamuona mtsikana kuseri kwa zipangizo zija, timuweruze ndi chinthu chimodzi basi: wativinitsa kapena ayi?