Chitsulo Nachonso Chimamva Chisanu

Tsiku lina mwana wa Folomu 3 anandifunsa kuti: "Aphunzitsi, nchifukwa ninji boma limalipira anthu a ku yunivesite kuti azingosuzumira tizidutswa ta chitsulo pa makina, pamene ndalamazo zikadagula mankhwala?" Funsoli nlabwino, ndipo ndifuna kuliyankha ndi nkhani ya sitima za pamadzi.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuyambira 1941 kufikira 1945, dziko la America linapanga sitima za katundu 2,710 zotchedwa Liberty. Pofuna kufulumira, amisiri analumikiza zitsulo zake powotcherera m'malo mokhoma misomali monga kale. Posakhalitsa sitima zambiri zinayamba kung'aluka, ndipo zina zinathyoka pakati. Ambiri analoza chala owotcherera.

Koma mayi wina wa ku yunivesite ya Cambridge ku Mangalande, Constance Tipper, anafufuza chitsulocho modekha. Iye anaonetsa kuti gwero la vuto linali m'kati mwa chitsulo chenichenicho. Pamalo pofunda chinkayamba chapindika chisanathyoke, koma chikazizira kupyola muyeso wina chinkasweka mwadzidzidzi ngati mbale yadothi. Chisanu cha nyanja ya Atlantic chakumpoto chinkachifikitsa pa muyeso umenewo. Mng'alu unkayambira pa ngodya za zitseko zolowetsera katundu, ndipo popeza thupi la sitima linali litawotchereredwa kukhala chinthu chimodzi, panalibe poti mng'aluwo uime.

Chitsulo, owerenga anzanga, si chinthu chimodzi chosalala monga tichionera. M'kati mwake muli tinjere tosaoneka ndi maso, ndipo kukula kwa tinjereto, pamodzi ndi kuchuluka kwa kaboni ndi manganizi osakanizidwamo, ndiko kumalamula kulimba kwake. Atazindikira izi, opanga zitsulo anasintha kasakanizidwe kake, ndipo ngodya zija anazipanga zozungulira.

Msuzi wa makasu kumudzi amadziwa kuti chitsulo chofiira chikavikidwa m'madzi chimauma koma sichichedwa kuthyoka. Wofufuza amadziwa chifukwa chake, ndipo angathe kuyesa chitsulo cha mlatho anthu asanayambe kuwolokapo. Dziko logula zitsulo kunja lopanda ana ake odziwa kuziyesa limalandira chili chonse chimene wogulitsa wanena, ndipo zikathyoka mlandu umagwera mmisiri wosalakwa.

Tsono kwa mwana uja ndinati: mankhwala ngofunika ndithu, koma galimoto yowabweretsa imadutsa pa mlatho. Kuona maso a nkhono nkudekha.