Fumbi la lusalite m'zigayo ndi m'nyumba za mbewu: akadwala, alipire ndani?

Nyengo yogulitsa chimanga ndi soya ikafika ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, anyamata ambiri amapeza ganyu m'zigayo ndi m'nyumba zosungiramo mbewu. Fumbi lomwe amadandaula nalo ndi la gaga ndi la mankhwala ophera anankafumbwe. Koma m'nyumba zina zakale muli fumbi lina lomwe silinunkha ndipo silitsokomoletsa tsiku lomwelo. Ili ndi fumbi la amianto, womwe ena amautcha asibesitosi, wopezeka m'malata akale a simenti otchedwa lusalite.

Boma la Mozambique linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa amianto mu 2010, kudzera mu Decreto 55/2010. Dziko la South Africa linali litaletsa kale mu 2008. Lamuloli linatseka khomo kwa katundu watsopano, koma silinasasule denga la munthu. Malata omwe anakhomedwa zaka 40 zapitazo akadali pamwamba, ndipo akamakalamba amafumbutuka. Anthu a ku Beira anaziona mu Marichi 2019, namondwe Idai ataphwanya madenga n'kumwaza zidutswa za lusalite m'misewu.

Lata losasweka, lomwe palibe akuligwira, silivuta kwenikweni. Ngozi imayamba likadulidwa ndi sowo, likabooledwa, kapena zidutswa zake zikaseseredwa pouma. Tiulusi take, tosaoneka ndi maso, timalowa m'mapapo n'kukhazikika momwemo. M'mafakitale akale okonza zakudya, amianto ankakutiranso mapaipi a nthunzi ndi ng'anjo zowiritsira madzi, choncho amakaniko ndi osesa ndiwo ankapuma wochuluka.

Matenda ake sathamanga. Angaoneke patatha zaka 20, 30 ngakhale 40: mapapo kuuma mpaka munthu kumabanika pokwera kachitunda, khansa ya m'mapapo, kapena khansa ya kachikopa kokuta mapapo yotchedwa mesothelioma. Wosuta fodya chiopsezo chake cha khansa ya m'mapapo chimakwera kwambiri. Choipa n'choti zizindikiro zake zimafanana ndi za chifuwa chachikulu, ndipo si kawirikawiri kuti wodwala wa zaka 60 afunsidwe komwe ankagwira ntchito ali mnyamata.

Ku America, ogwira ntchito m'zigayo zazikulu ndi m'mafakitale a zakudya ali m'gulu la anthu omwe akhala akusuma milandu yotereyi. Nthawi zambiri sasumira bwana wawo, koma makampani omwe anapanga katundu wa amianto. Milandu inachuluka moti kampani yaikulu ya Johns-Manville inalengeza mu 1982 kuti yagwa, ndipo pambuyo pake panakhazikitsidwa thumba la ndalama zolipira odwala, kuphatikizapo omwe adzadwale m'tsogolo. Pafupi ndi kuno, anthu oposa 7,000 a ku South Africa, omwe anadwala chifukwa cha migodi ya amianto, anasumira kampani ya Cape ku London. Bwalo lalikulu la ku Britain linalola mu 2000 kuti mlanduwo umvedwe kumeneko, ndipo mu 2003 kampaniyo inalipira mapaundi 7.5 miliyoni. Ndalamazo zikagawidwa kwa anthu onsewo n'zochepa, ndipo ambiri anamwalira akudikirira.

M'milandu yonseyi wodandaula anayenera kuonetsa zinthu ziwiri: kalata ya dokotala yotchula matendawo, ndi umboni wa komwe anagwira ntchito, kuyambira liti kufikira liti. Apa ndi pomwe wonyamula matumba wa ku Ulónguè kapena ku Furancungo amagwera. Malamulo a ntchito a ku Mozambique amazindikira matenda obwera chifukwa cha ntchito, ndipo amakakamiza olemba ntchito kuika antchito awo pa inshuwalansi. Koma waganyu amalipidwa pamanja madzulo, dzina lake silifika ku INSS, ndipo mwini chigayo angadzakhale atamwalira kapena atagulitsa malowo matenda asanaoneke. Wogwira ntchito mbali zonse ziwiri za malire, chaka chino ku Calómuè, chaka chamawa ku Dedza, nkhani yake imavutirapo, chifukwa dziko lililonse lili ndi malamulo ake.

Kunena zoona, milandu ya ndalama zambiri ngati ya ku America si ya msanga kuno. Zomwe zili m'manja mwa anthu ndi zing'onozing'ono. Wogwira ntchito asunge kontrakiti, khadi la ntchito kapena kapepala ka malipiro, ndipo alembe m'kope mayina a malo, zaka ndi anzake omwe angadzamuchitire umboni. Akapita kuchipatala ndi chifuwa chosamva mankhwala, atchule yekha za lusalite. Wosowa ndalama za loya angafunse ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza anthu pa milandu mwaulere.

Eni zigayo ndi mabungwe a alimi omwe akukonza madenga mvula isanagwe ali ndi udindo waukulu kuposa apa. Lata lakale alinyowetse asanalikhudze, alitsitse lathunthu osaliswa, ndipo zidutswa asazipereke kwa anthu kuti akafolere khola, akatchingire nkhokwe kapena akatsekere maenje a pamsewu. Kansalu komanga pamphuno, komwe kamathandizako pa gaga, tiulusi ta amianto timangodutsa.