Dilipu si cizindikiro ca imfa

Ife amene timaitanidwa kukapempherera odwala tamva mau awa kambiri: "Amuika dilipu, kaitaneni abale." Ena amafika pozula singano usiku ndi kunyamula wodwala kuti akafere kumudzi. Abale, maganizo amenewa atitayitsa anthu amene akanacira.

Dilipu ndi madzi oyera okhala ndi mcere woyezedwa bwino. Mu mtundu wofala kwambiri muli magalamu 9 a mcere pa lita imodzi. Munthu akatsegula m'mimba ndi kusanza, madzi amatha m'thupi, magazi amacepa, impso zimaleka kugwira nchito. Ngati sangathenso kumwa, njira yotsala ndi ya mumtsempha.

Tisaiwale kolera ya 2023 ndi 2024. Anthu opitirira 700 anafa m'dziko muno, mpaka boma linasandutsa bwalo la National Heroes Stadium ku Lusaka kukhala cipatala. Ambiri anafera kunyumba kapena panjira. Koma bungwe la WHO likuti odwala kolera akathandizidwa msanga, amene amafa safika mmodzi pa 100 alionse.

Kuno ku Chama mtunda ndi mdani wathu. M'dzinja mitsinje ikadzaza, ulendo wa pa njinga kapena pa ngolo kupita ku cipatala ca boma umatha tsiku lathunthu. Conco tikupempha zinthu zitatu.

Coyamba, musadikire kuti maso alowe m'kati. Sungunulani paketi imodzi ya madzi a moyo mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa. Mumwetseni pang'onopang'ono muli panjira. Paketi ikasowa, ikani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mcere.

Caciwiri, olera odwala musakhudze kagudumu ka pa cingwe ca dilipu. Madontho aja anamwino anawawerenga. Mukawafulumizitsa kuti mubwerere msanga ku munda wa mpunga, madzi angadzaze m'mapapo, makamaka a mwana kapena a nkhalamba. Dzanja likatupa kapena madontho akaima, itanani anamwino.

Cacitatu, tileke kuumirira dilipu ngati mankhwala a mphamvu. Amene angathe kumwa, amwe. Thumba lija lisungidwire amene wakomoka.

Atsogoleri a miphakati, kambani nkhaniyi Lamulungu likubwerali. Tikaitanidwa tidzabwera kudzapemphera monga mwa masiku onse, koma tikupezeni ku cipatala, singano ili pa dzanja.