Soja anali wamphamvu pa siteji kuposa ku Nyumba ya Malamulo

Ine kwathu ndi ku Phalula, pamsewu waukulu uja wochokera ku Zalewa kulowera ku Chingeni. Pamene ndinkakula, dera lonse la Balaka linali mbali ya boma la Machinga, ndipo linadzaima palokha mu 1998. Komatu dzina la Balaka linali litamveka kale m'dziko muno malirewo asanadulidwe. Amene analimveketsa sanali a DC ayi. Anali anyamata oyimba, ndipo wotchuka mwa onsewo anali malemu Lucius Banda, amene tinkamutcha Soja.

Lero ndikufuna ndilankhule zakukhosi za mkuluyu, ngakhale ndikudziwa kuti ena zikuwawani. Maganizo anga ndi akuti Lucius anatumikira amphawi kwambiri ali ndi maikolofoni m'manja kusiyana ndi nthawi imene ankatchedwa Olemekezeka.

Tiyambe ndi kumene anachokera. Anabadwa mu 1970 m'mudzi mwa Sosola ku Balaka. Kuyimba anayambira mu Alleluya Band, gulu limene linakulira pansi pa mpingo wa Katolika motsogozedwa ndi mkulu wake Paul Banda, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici. Musaiwale kuti ndi ku Balaka komweko, ku makina osindikizira a ansembe a Montfort, kumene kunasindikizidwa kalata ya maepiskopi ya mu Marichi 1992, ija inagwedeza boma la chipani chimodzi. Mnyamatayu anakulira pamalo pamene anthu anali atayamba kale kutaya mantha.

Ndiye mu 1994, chaka chimene tinavotera boma la matipate, kunatuluka chimbale cha Son of a Poor Man chomwe anakajambulira ku South Africa. Amene munalipo mukukumbukira mmene nyimbo ya Mabala inkalirira m'maminibasi, m'magolosale ndi m'malo omwera. Pa Phalula panali anthu amene kwa zaka makumi atatu sankayerekeza kutchula mavuto awo ngakhale kwa mlamu wawo, kuopa kuti makoma ali ndi makutu. Anthu omwewo ndinawaona akuyimbira limodzi ndi kaseti, masana dzuwa likuswa mtengo. Kenaka kunabwera Down Babylon ndi Cease Fire, ndipo mu 1997 anayambitsa gulu lakelake la Zembani Band.

Alipo ophunzira ena amene amanyoza kuti nyimbo za ku Balaka ndi "za kiyibodi", ati zonse zimamveka chimodzimodzi. Anzanga a kukoleji, taganizani bwino. Kiyibodi imodzi imatha kuliza ng'oma, besi ndi malipenga nthawi imodzi. Mwana wa mlimi wa thonje, amene sakanatha kulipira anthu asanu ndi awiri oliza zida, ankatha kulowa mu situdiyo ya Paul Banda ya IY n'kutulukamo ndi chimbale chake. Chida chimene mukuchinyozacho ndi chimene chinatsegulira amphawi khomo. Billy Kaunda, Mlaka Maliro ndi ena ambiri anadzera njira ya ku Balaka yomweyi. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Ife a ku Balaka tinali osauka, koma nyimbo tinkaidziwa.

Nanga zinakhota pati? Kwa ine zinakhota pamene Soja anavala makaka a chipani. Anayamba kuyimbira UDF pamisonkhano, ndipo mu 2004 anapambana mpando wa phungu wa kumpoto kwa Balaka. Kuyambira pamenepo, akadzudzula boma, ena ankati akungolankhulira chipani chake. Akakhala chete, ena ankati wadya nawo. Mawu amene kale anali a tonsefe anasanduka a mbali imodzi. Paja mapanga awiri avumbwitsa.

Mu 2006 bwalo la milandu linamupeza wolakwa pa mlandu wogwiritsa ntchito satifiketi yabodza ya MSCE. Anataya mpando, nakagona ku ndende ya Zomba mpaka anatuluka atachita apilo patapita miyezi pafupifupi itatu. Ambiri ankati ndale zinalowapo chifukwa ankalimbana ndi boma la Bingu wa Mutharika. Kaya zinali choncho kaya ayi, funso langa ndi ili: kodi pa siteji alipo anamufunsapo satifiketi? Kumeneko mayeso ake anali atakhoza kalekale, ndipo omulembera malikisi tinali ife.

Taonaninso ichi. Atatuluka m'ndende, wopanda mpando, anatipatsa Cell 51 Maximum. Mu 2010 wailesi ya MBC inakana kuulutsa nyimbo za m'chimbale chake cha 15-15. Boma silitseka pakamwa munthu amene silikumuopa. Anabwereranso ku Nyumba ya Malamulo mu 2014 mpaka 2019, kenaka anakhala mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera pa nkhani za achinyamata ndi luso. Koma ndifunseni ine, kapena dzifunseni nokha: mukukumbukira mawu angati amene anayankhula m'nyumba ija? Nanga nyimbo zake mukukumbukira zingati?

Wina anena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wolowa ndale. Zoona, sindikukana. Ufulu umenewo Lucius anaumenyera nawo nkhondo. Winanso anena kuti kuyimba sikudyetsa banja ku Malawi kuno, ndiye munthu atani? Apa ndiye pali nkhani, ndipo chala chikuloza ife tomwe.

Ine ndivomere tchimo langa. Kaseti yoyamba ya Soja imene ndinali nayo sinali yeniyeni. Mnzanga wina anandikopera pa wailesi ya makaseti awiri, ndipo inenso ndinakopera ena asanu. Inu amalonda a mu Limbe, m'Chigwirizano, mu Mzuzu ndi kwina konse, mukudziwa bwino mmene makaseti okopera ankayendera pa mabenchi, kenaka ma CD, kenaka nyimbo zodzaza pa memori khadi pamtengo wa mandasi. Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992, koma silingaime pa benchi iliyonse. Tikamabera woyimba thukuta lake, tisadabwe akapita kukagogoda kwa andale, amene amalipira pompopompo. Ndipo wandale akakulipira, wagula ndi pakamwa pako pomwe.

Soja anatisiya pa 30 Juni 2024 ku chipatala ku South Africa, ali ndi zaka 53, atavutika ndi matenda a impso. Pamaliro pake andale a zipani zonse anakhamukira ku Balaka kukamutamanda, kuphatikizapo a mbali zimene anazidzudzulapo. Zimenezo n'zachizolowezi: woyimba amakoma kwa andale akagona.

Pempho langa likupita kwa anthu awiri. Iwe mnyamata amene ukuphunzira kuliza kiyibodi ku kwaya ya kutchalitchi kwanu, ukadzatchuka adzabwera ndi nsalu za chipani ndi envulopu. Udzakumbukire kuti mpando wa phungu ndi wa zaka zisanu, pamene Mabala ikuyimbidwabe patapita zaka zoposa makumi atatu. Ndipo inu anzanga ogula ndi ogulitsa, nyimbo tizigula zenizeni, pakhomo la dansi tizilipira osati kudumpha mpanda. Tikafuna asilikali ena olankhulira amphawi, tiyambe ife kuwadyetsa.